Chimene ogula amalipira pa okushoni ya mawotchi osowa

Ambiri a ife kuno ku Salima tikamva mawu akuti okushoni timaganizira za mabelo a fodya ku Kanengo, kumene ogula amafwanthula tsamba n'kuliyang'anitsitsa asanatchule mtengo. Okushoni ya mawotchi a pamkono, imene makampani monga Phillips, Christie's ndi Sotheby's amachititsa ku Geneva, New York ndi Hong Kong, imayenderanso diso la wogula, ngakhale kuti ndalama zimene zimatchulidwa kumeneko ndi zoimitsa mutu.

Mawotchi amene ndikunena pano alibe batire. Amayendera sipuling'i yopota imene imamasuka pang'onopang'ono n'kumayendetsa timagiya, ndipo kagudumu kena kamagwedezeka uku ndi uku, m'mawotchi ambiri amakono ka 28,800 pa ola, kuti mivi isathamange kapena kutsalira. Kampani ya Seiko itatulutsa wotchi ya batire yotchedwa Astron mu Disembala 1969, makampani ambiri a ku Switzerland anagwa m'zaka zotsatira, chifukwa wotchi ya batire ndi yotchipa ndipo imasunga nthawi bwino kuposa yoyendera sipuling'i. Choncho munthu amene amapereka mamiliyoni pa okushoni sakufuna kudziwa nthawi. Akugula kusowa kwa chinthucho, mbiri yake, komanso umboni wakuti chidakali momwe chinachokera kufakitale.

Mu Okutobala 2017, Phillips inagulitsa Rolex Daytona ya katswiri wa mafilimu Paul Newman pa madola 17.8 miliyoni ku New York. Wotchiyo ndi yachitsulo wamba, si yagolide, koma anam'patsa ndi mkazi wake Joanne Woodward, amene analembetsa mawu kumsana kwake omuchenjeza kuti aziyendetsa galimoto mosamala. Mu Novembala 2019, Patek Philippe Grandmaster Chime yachitsulo, imene inapangidwa imodzi yokha, inagulidwa pa ma franc (ndalama za ku Switzerland) 31 miliyoni ku Geneva, pa malonda a Only Watch amene ndalama zake zimathandiza kafukufuku wa matenda ofooketsa minofu a Duchenne. Imene imandidabwitsa kwambiri ndi Patek Philippe Nautilus ya nkhope (pamene pamakhala mivi) yabuluu ngati dzira la mbalame, yokhala ndi dzina la Tiffany & Co., sitolo ya zodzikongoletsera ya ku New York, imene inapangidwa 170 yokha. Mtengo wake wa m'sitolo unali madola oposa pang'ono 52,000, koma imodzi itapita pa okushoni mu Disembala 2021 inafika madola 6.5 miliyoni. Kumeneko ine ndimaona kupikisana kwa anthu olemera kuposa luso la wopanga.

Chimene ndikufuna anzanga amvetse n'chakuti pa msika umenewu kukonza wotchi kungathe kuigwetsa mtengo. Ife tinazolowera kuti chinthu chikakalamba timachipititsa kwa mmisiri kuti chioneke chatsopano, koma osonkhanitsa mawotchi amachita manyazi ndi wotchi yopolishidwa, chifukwa makina opolishira amadya chitsulo n'kufafaniza ngodya zimene fakitale inasema. Nkhope yopentedwanso, mivi yosinthidwa, kapena kachitsulo kopukusira kochokera ku wotchi ina, zonsezi zimalembedwa mu lipoti la wogulitsa ndipo zimatsitsa mtengo. Nkhope yakuda imene yasuluka ndi dzuwa n'kusanduka yofiirira ndiyo imene ena amailimbirana. Bokosi, risiti ndi mapepala a gerenti, zimene ambiri timataya tsiku logula lomwelo, zimawonjezeranso ndalama.

Ngakhale akatswiri amapusitsidwa. Mu Novembala 2021, Omega Speedmaster ya 1957 inagulidwa pa ma franc opitirira 3 miliyoni ku Geneva, ndipo wogula anali kampani ya Omega yomweyo. Mu 2023 kampaniyo inalengeza kuti wotchiyo inali yolumikiza zipangizo za mawotchi osiyanasiyana.

Kwa Mmalawi wofuna kuyesako, ngakhale pa mawotchi a mitengo yotsika amene amagulitsidwa pa intaneti, pali zoyenera kuwerengera asanakweze dzanja. Mtengo umene nyundo ya woyendetsa okushoni yagwera si umene mumalipira, popeza kampani yogulitsa imaonjezera gawo lake, limene kawirikawiri limafika kapena kuposa 25 peresenti. Pamwamba pake pali mtengo wotumizira, inshuwalansi ndi msonkho wolowetsera katundu m'dziko, zonse zofuna ndalama zakunja zimene n'zosowa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chogulidwa ndi madola chinakwera tsiku limodzi.

M'midzi ya kuno ndi ku Nkhotakota mudakali masutikesi a azigogo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Theba, ndipo ena anabwera ndi mawotchi opukusa. Ambiri mwa mawotchi amenewo sangafike pa okushoni ya ku Geneva, koma lamulo lowasunga ndi lomwelo. Chinyezi cha m'mbali mwa nyanja, makamaka nyengo ya dzinja, chimalowa pamene timphira totseka tatha ndipo chimachititsa dzimbiri m'kati. Mukaipeza wotchi yotere musaipukuse mokakamiza, chifukwa mafuta ake anauma kale. Ijambuleni kutsogolo ndi kumbuyo, lembani manambala onse amene ali pathupi pake, ndipo mmisiri amene mungam'patse mumuuze kuti atsuke ndi kuthira mafuta m'kati mokha, komanso kuti chipangizo chilichonse chimene angachotse akubwezereni.