Fumbi wayamba kudutsa ng'ombe za ku Karwendel osauwa

Nyengo yokwera mapiri ya chaka chino ikupita kumapeto, ndiye ndati ndilembe pomwe tafika ine ndi Fumbi. Kwa amene simukumudziwa, Fumbi ndi galu wanga wotuwa, wa msinkhu wofika m'mawondo, amene ndinakamutenga kumalo osungira agalu opanda mwini kuno ku München, m'dziko la Germany. Nkhani ya mphamvu za m'miyendo tinathana nayo msanga. Galuyu mtunda saudziwa, wefuwefu amakhala wa ine mwini wake. Ntchito yeniyeni ya nyengo yonseyi yakhala ng'ombe.

Timapita kumapiri a Karwendel, m'chigawo cha Tyrol ku Austria. Malowa anayamba kutetezedwa mu 1928, kukula kwake kumaposa masikweya kilomita 700, ndipo nsonga yake yaitali kwambiri ndi Birkkarspitze, ya mamita 2,749. Sapitwa wathu wa ku Mulanje, wa mamita 3,002, amaiposa, ndipo anzanga a kuno ndimawakumbutsa zimenezi asanandifunse. Ife timalowera mbali ya chigwa cha Eng. Msewu wake ndi wodabwitsa: mudzi wa Hinterriß uli m'Austria, koma pagalimoto umafikika kuchokera ku Germany kokha, kudzera ku Vorderriß. Ukapitirira Hinterriß msewu ndi wolipira, ndipo nyengo yozizira amautseka.

Popeza timadumpha malire, Fumbi ali ndi pasipoti yake ya ziweto ya EU (mgwirizano wa maiko a ku Ulaya), yosonyeza nambala ya kachipangizo komwe anamuika pansi pa khungu ndi tsiku lomwe anabayidwa katemera wa chiwewe. Nditawauza amalume pafoni anangoti duu, kenako kuseka. “Mphwanga, galu pasipoti? Ine ndakalamba chonchi ndilibe.” Ndinalibe choyankha.

Kumapeto kwa msewuwo kuli Großer Ahornboden, chidikha chobiriwira chomwe chili ndi mitengo ya mapulo pafupifupi 2,000, ina ya zaka zoposa 300. Akuti yambiri inamera nthawi ya nkhondo ya zaka 30 ya ku Ulaya, ya 1618 mpaka 1648, pamene ng'ombe zinaleka kubwera kudzadya msipu kuno, timitengo tating'ono n'kupeza mpata wokula. Kumtunda kwake pang'ono kuli timanyumba tamatabwa ta alimi a Eng Alm, komwe amakama mkaka ndi kupanga tchizi pompo. Ndatchula zimenezi dala. Malo otetezedwa a kuno sali ngati nkhalango zopanda anthu. Ndi kubusa kwa eni ake, ndipo iwe ndi galu wako umangodutsa.

Tinayamba ndi njira yopita kunyumba ya alendo ya m'phiri ya Binsalm, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ulendo wa ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono kuchokera pomwe timasiya galimoto. Itatizolowera tinawonjezera, ndipo mwezi wathawu tinakwera kudzera pampata wa Hohljoch mpaka kunyumba ya alendo ya Falkenhütte, mamita 1,848, pansi pa makoma amiyala a Laliderer omwe ukawayang'ana khosi limawawa. Pa njira imeneyi zovuta za galu ndi ziwiri, mapazi ndi madzi. Mapiri a Karwendel ndi a miyala ya laimu. Ikasweka imathwa, ndiye popuma paliponse ndimamugoneka chammbali n'kumuyang'ana phazi ndi phazi, pakati pa zala pomwe timiyala timabisala. Mvula ikagwa madzi amalowerera pansi msanga, moti ukhoza kuyenda nthawi yaitali osapeza kamtsinje. Ndimanyamula botolo lake lapadera ndi kambale kopinda. Zomwera ng'ombe zilipo m'njira, koma galu wolowetsamo mapazi amakudanitsa ndi alimi. Madzulo kunyumba timasaka nkhupakupa, makamaka kuseri kwa makutu ndi m'khwapa.

Tsopano ng'ombe. Kwa ng'ombe yoyamwitsa, galu aliyense ndi mmbulu wofuna mwana wake, kaya akhale wofatsa chotani. Kuno nkhaniyi saitenga mwachibwana chifukwa cha zomwe zinachitika mu Julayi 2014 m'chigwa cha Pinnistal, ku Tyrol komweko. Mayi wina wa ku Germany wa zaka 45 anaphedwa ndi ng'ombe akuyenda ndi galu wake, ndipo chingwe cha galuyo anali atachimangirira m'chiuno. Mu 2019 khoti la ku Innsbruck linalamula mlimi mwini ng'ombezo kuti alipire banja la malemuyo. Alimi anakwiya kwambiri, ena mpaka kuopseza kuti atseka njira zodutsa m'mabusa awo. Khoti la apilo linadzagawa mlanduwo pakati, theka kwa mlimi theka kwa mayiyo, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linavomereza chigamulochi mu 2020. Chaka cha 2019 chomwecho boma la Austria linatulutsa malamulo 10 a momwe alendo azikhalira ndi ziweto kubusa. Masiku ano umawapeza pazikwangwani m'zipata zambiri.

Lamulo lokhudza agalu lili ndi mbali ziwiri zomwe poyamba zimamveka ngati zikutsutsana: galu akhale pachingwe chachifupi nthawi zonse, koma ukaona kuti ng'ombe ikufuna kukugunda, umumasule pompo. Nzeru yake ndi yoti ng'ombe ikulimbana ndi galuyo, osati iwe, ndipo galu womasuka amathawa mosavuta. Ukamukakamira kapena kumunyamula m'manja, mkwiyo wonse wa ng'ombe umathera pa iwe. M'masitolo a zamasewera amagulitsa malamba okongola a m'chiuno omangirirapo galu kuti manja akhale omasuka. Ine ndinawasiya pashelefu pomwepo. Chingwe cha Fumbi chimakhala m'dzanja, osachizengereza pamkono, ndipo kangowe kake ndinasankha kotseguka ndi chala chimodzi. Ndakhala ndikuyeserera kukatsegula osayang'ana, ngakhale nditavala magolovesi, chifukwa galu wothawa akukoka chingwe akhoza kukodwa pamuzu kapena pampanda.

Maphunziro a Fumbi tinayambira kutali, m'midzi ya kufupi ndi tawuni ya Lenggries ku Germany, komwe ng'ombe zimakhala kuseri kwa mpanda wamagetsi. Tinkaima patali pomwe akuziona koma sanayambe kunjenjemera. Akaziyang'ana n'kucheukira kwa ine, kachidutswa ka soseji. Akauwa, tinkabwerera m'mbuyo n'kuyambiranso. Mlungu ndi mlungu tinkasendera pafupi. Ndinamuphunzitsanso mawu amodzi oti “kumbuyo”, kuti azisamukira mbali yomwe kulibe ng'ombe, ine ndikhale pakati. Mawu onse omulamula ndi a Chichewa, ndiye m'phiri monsemo palibe wina angamusokoneze.

Mayeso ake anabwera potsika ku Hohljoch. Ng'ombe zinali zitagona panjira penipeni zikubzikula, mabelu ali ngwe ngwe, ndipo pakati pake panali thole lofiirira. Mayi wake anadzuka, n'kuweramitsa mutu, maso onse pa Fumbi, akupemerera mpweya m'mphuno. Ndinati “kumbuyo” chapansipansi, chala chili pakangowe. Fumbi anazungulira n'kudzagunditsa phewa pamwendo wanga, mchira uli pansi, makutu atagona, koma pakamwa pali tseke. Tinasiya njira n'kukwera m'mbali, m'tchire la mikungudza yaifupi yokwawa pansi, osathamanga, osaifulatira ng'ombeyo, mpaka tinakatulukira kumunsi kwake. Inatiperekeza ndi maso, kenako inabwerera kukanyambita mwana wake. Bambo wina wachikulire woyang'anira ziwetozo anali atatsamira mpanda akuonerera zonsezi. Titamudutsa anangogwedeza mutu n'kupereka moni wawo wa “Grüß Gott”. Anthu a m'mapiri muno sawononga mawu.

Chomwe chimandinyansa ndi anzathu ena oyenda ndi agalu. Amamasula galu pachipata pomwe pali chikwangwani, amvekere wanga saluma. Kuluma si nkhani. Galu wothamangitsa mbuzi zakuthengo zija amati Gams amazithera mafuta omwe zikusungira nyengo yozizira, ndipo ng'ombe zomwe wazizunguza zimakapsera mtima munthu wosalakwa wobwera pambuyo. Ena amatola bwinobwino chimbudzi cha galu m'kapepala kapulasitiki, kumanga, kenako n'kukasiya pamwala ngati wina alembedwa ntchito yodzatola. Alimi amadana nacho chimbudzichi pa chifukwa chomveka: chikhoza kukhala ndi kachilombo kotchedwa Neospora kamene kamapolozetsa ng'ombe za bere, komanso msipu woipitsidwa ziweto zimaukana. Ine ndili ndi kachitini kotseka bwino komwe ndimakoloweka kunja kwa chikwama. Sikasangalatsa dzuwa likatentha, koma kamatsika nane.

Zomwe sizinatheke zilipo. Tinyama tonenepa tokhala m'mauna totchedwa Murmeltier, tofanana ndi mbira, tikaimba likhweru lake lochenjezana, Fumbi amaiwala sukulu yonse. Amaima chilili, thupi lonse gwa, ngakhale soseji saiona. Apa ndiye chingwe chokha n'chomwe chimatigwira. Chotsekera pakamwa akuchilola tsopano, koma kwa kanthawi kochepa, kenako amayamba kuchipala ndi phazi. Tikufunika kulimbikira, chifukwa m'sitima agalu a msinkhu wake amayenera kuchivala, ndipo ndikufuna chaka chamawa tizisiya galimoto, tizikwera sitima mpaka ku Lenggries kenako basi ya okwera mapiri yopita ku Eng. Kugona m'nyumba za alendo za m'phirimo nakonso sitinayese. Zambiri sizilola galu m'zipinda zogona anthu ambiri, ndiye umayenera kuimbiratu foni n'kumva kwa woyang'anira nyumbayo ngati ali ndi kachipinda kapadera.

Ng'ombe zimatsitsidwa kumidzi mu Seputembala, ndipo kumayambiriro kwa Okutobala masamba a mapulo aja amasanduka achikasu, anthu n'kudzaza chigwa chonse ndi makamera. Tikufuna kupita mkati mwa mlungu, m'mamawa, tidzere ku Binsalm mpaka kunyumba ya alendo ya Lamsenjochhütte, mamita 1,953, ngati chipale chofewa sichikhala chitagwa pamwambapo. Imeneyo ikhala njira yokwera pamwamba kuposa zonse zomwe Fumbi wayendapo, ndipo mbali ina ndi yopapatiza, yodula m'mbali mwa phiri, ndiye masiku ano madzulo tikuyeserera mawu atsopano oti “pang'onopang'ono” pamasitepe a nyumba yomwe timakhala.