Kandulo ija ili pa tebulo, sindinayatse

Nthawi ino ndi cha m'ma 1 koloko usiku, tulo takana, ndiye ndangoti ndilembe mwina mtima ukhala pansi.

Lero, kapena ndinene dzulo poti 12 yadutsa kale, linali tsiku lalifupi kwambiri pa chaka kuno ku England, 21 Disembala. Kuno ku Salisbury dzuwa latuluka 8 koloko itadutsa, 4 koloko madzulo itangodutsa linali litalowa kale, kuwala konse osakwana ngakhale maola 8, komanso dzuwa lake longoyenda mmunsimunsi ngati likudwala. Chaka chachiwiri ichi ndili kuno koma mdima umenewu thupi langa likuukanabe, umadzuka kuli mdima, kuweruka kuli mdima, pena ndimangopezeka misozi ikulengeza popanda amene wandilakwira.

Koma chandisowetsa tulo si mdima ayi. Ndi amayi ena amene timagwira nawo ntchito yosamalira okalamba, achizungu, a msinkhu wa mayi anga, munthu wabwino kwabasi, ndi amene anandiphunzitsa ntchito nditangofika ndipo tsiku lina nditadwala chimfine anandibweretsera supu mpaka pakhomo. Abwera pa shifiti ya masana nsapato zili matope okhaokha, m'mutu atavala nkhata ya masamba obiriwira a holly okhala ndi tizipatso tofiira, nkhope ikuwala ngati munthu wochokera ku ukwati. Pa buleki tili mu kichini ndawafunsa kuti amayi kodi kwagwanji, akuti ndinali ku Stonehenge, kumalo a miyala yakalekale yoimikidwa mozungulira kuja, kuyambira mbandakucha kukalandira dzuwa, ine ndine pagan.

Anangolitchula mawuwo momasuka, akutakasa tiyi. Ine supuni inaima m'manja. M'mutu mwanga munangobwera liwu limodzi, wachikunja. Kwathu munthu sadzitchula yekha choncho, ndi anthu ena amene amakutchula, ndipo akakutchula ndiye kuti pamaliro ako sipadzamveka nyimbo ya kwaya.

Anaona kuti ndadzidzimuka, sanakhumudwe, anakoka mpando nkuyamba kundifotokozera, ndipo buleki ya mphindi 20 ija sindinaone mmene yathera. Akuti miyala ija, yomwe ili pamtunda wosakwana theka la ola pa galimoto kuchoka pomwe ndikugona pano ndipo ndimangoiona patali ndikadutsa pa msewu wa A303, ikuluikuluyo anaiimika cha m'ma 2500 Yesu asanabadwe, ndipo anaiyala moti pa tsiku ngati la leroli dzuwa likamalowa limalowera ndendende pa mzere wapakati pa miyalayo. Ing'onoing'ono ija inachokera ku mapiri a Preseli ku Wales, mtunda wopitirira makilomita 200, anthu opanda galimoto opanda chitsulo. Chapafupi pomwepo pamalo otchedwa Durrington Walls ofukula zakale anapeza mafupa ambirimbiri a nkhumba, ndipo mano ake anaonetsa kuti zambiri zinkaphedwa zili ndi miyezi pafupifupi 9, kutanthauza kuti zinabadwa kukuyamba kufunda nkudzaphedwa pakati penipeni pa chisanu. Anthu ankasonkhana, kuotcha nyama, kudya limodzi pa nthawi imene mdima wafika pothera.

Pamenepo ndiye anandigwira mtima, ndisaname. Chifukwa ine mdima umenewu ndikuudziwa tsopano ndi thupi langa, ndili ndi magetsi, hita, jekete ziwiri, koma umandifoolabe. Nanga iwowo kalelo, chakudya chikutha m'nkhokwe, tsiku lililonse dzuwa likuchepera chepera, ndani akanawatsimikizira kuti libwereranso? Ukanakhala iwe sukanaika mwala poti uzionera kuti apa ndiye pamene limatembenukira?

Ndinawafunsa kuti ndiye mumapembedza dzuwa kapena miyala? Anaseka pang'ono akuti iyayi, ena mwa anzathu ali ndi milungu yawo, ena ndi ma Druid, otengera ansembe akalekale a kuno, ovala mikanjo yoyera, ine ndimangopita kukathokoza kuti kuwala kukubwerera komanso kukakumbukira amayi anga ndi agogo anga amene anatsogola. Anavomera okha kuti amene anamanga Stonehenge sanasiye cholembedwa chilichonse, ndiye zambiri zimene amachita lerozi ndi zoyambitsanso m'zaka mazana ochepa apitawa, si kuti zinachita kutsika kuchokera kwa makolo osadukiza. Chilungamo chimenechi chinandisokoneza kuposa china chilichonse, ndinkayembekeza munthu wokakamira zake. Anati chikondwererochi amachitcha Yule, dzina lakale la anthu a kumpoto, ndipo mpaka lero ku Sweden, Norway ndi Denmark Khirisimasi amaitcha jul. Aroma nawo anali ndi Saturnalia kuyambira pa 17 Disembala, kupatsana mphatso, kuyatsa makandulo, akapolo kudya ngati mabwana. Masamba obiriwira m'nyumba nthawi imene mitengo yonse yayoyoka ndi chikumbutso choti moyo sunathe.

Ine ndine Mkhristu, ndinabatizidwa ndili wakhanda, Lamulungu likubwerali ndikaimba nawo ku tchalitchi ndipo palibe chimene chasintha pamenepo. Koma atangoti kukumbukira amayi anga ndi agogo anga, ine ndinaona agogo anga aakazi.

Ndinali ndi zaka mwina 9, chaka chimenecho mvula inadula chimanga chili m'mawondo, masamba kupota ngati anyezi. Agogo ndi azimayi anzawo achikulire anapita m'mawa kwambiri pansi pa mtengo wa msolo kuseri kwa mudzi, ananyamula ufa m'kalichero ndi thobwa m'chipanda, ine ndinawatsatira mobisala. Anagwada, kuwomba m'manja mwaulemu muja, kuthira ufa pansi, kutchula maina a makolo mmodzimmodzi kuti akatipepesere kwa Chauta ana akufa ndi njala. Panalibe choopsa chilichonse chimene ndinaona, anali azimayi okalamba akupempha mvula basi. Nkhani itamveka ku mpingo anawaimitsa mgonero, akuti zachikunja, ndipo kunyumba tinkachita manyazi, ine ndemwe ndinkawazemba pa njira ya ku tchalitchi kuti anzanga asandione nawo. Anamwalira ndili ku sekondale ndisanawafunse nkomwe kuti maina ankatchula aja anali a ndani. Lero sindikudziwa ngakhale limodzi.

Ndiye taonani, dziko lomwe kunachokera ena mwa amishonale amene anatiphunzitsa liwu loti chikunja, bungwe la English Heritage loyang'anira malowa limatsegula zipata za Stonehenge ulere m'mawa wa tsiku ngati la lero, anthu masauzande kulowa mpaka kukhudza miyala, ng'oma zikulira, ma TV akujambula. Ndayang'ana pa foni ndili mu basi, kalembera wa 2021 anapeza anthu pafupifupi 74,000 ku England ndi Wales odzilemba okha kuti ndi ma pagan. Kwathu kachisi wa Mbona ku Khulubvi ku Nsanje alipo mpaka lero koma ambiri a ife kungomutchula timayamba tayang'ana uku ndi uku. Sindikudziwa ngati chimene ndikumva ndi mkwiyo kapena nsanje kapena chisoni chabe, mwina zonse pamodzi, ndipo sindikuloza chala amayi aja, iwo sanandilakwire kanthu.

Ndinawauza za agogo, Chingerezi chikundithawa pakamwa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako belu la m'chipinda china linalira tonse nkudzuka. Poweruka anandipeza pa khomo nkundipatsa kandulo yaing'ono yoyera yokulunga m'pepala, akuti usiku wa lero timayatsa kuti kuwala kupeze njira, ukafuna uyatsire agogo ako, ukapanda kufuna usavutike.

Ndinaimbira mayi pa WhatsApp ndisanalowe m'nyumba, kumudzi mvula ikugwa mpaka mawu osamveka bwino chifukwa cha malata, kumeneko masiku ano ndi ataliatali, anthu ali kalikiliki kupalira. Ndimafuna ndiwafunse kuti amayi, kodi maina ankatchula agogo pansi pa msolo paja mukuwakumbuka? Koma anayamba za feteleza wobereketsa kuti wakwera mtengo, za mbuzi ya Khirisimasi, za mwana wa achimwene amene akudwala malungo, kenako akuti mwanawe usaiwale kupemphera kumeneko, ine eya amayi, netiweki nkuduka.

Machesi ndili nawo mu kabati. Mawa ndili shifiti ya m'mawa, 7 koloko, kudzakhala kudakali mdima, akuti masiku ayamba kutalika koma poyamba ndi timasekondi chabe moti sungazindikire. Mwina ndiwaimbirenso mayi Loweruka akakhala okha, bambo atapita ku dimba