Mkwati anagwa ndi nsapato yathu, koma lero takwanitsa zaka 10

Mwezi uno takwanitsa zaka 10 chiyambireni kugulitsa nsapato kuno ku Limbe. Mayi a kunyumba anati tigule keke. Ine ndinakana, ndinati ndalama imeneyo ndi ya guluu wa mwezi wathunthu, bola ndingolemba mbiri yathu kuti inu amene mwatipeza tili kale ndi mashelefu ndi galasi mudziwe kumene tachokera. Keke anagulabe, ndipo amene anadya kwambiri ndine.

Ndinayamba mu 2015 ndi chiguduli choyala pansi chakufupi ndi msika. Katundu yense anali mapeyala 12 a kaunjika amene ndinasankha pa belo la mwini wake, mpamba wake utachokera pa njinga yanga yakapalasa imene ndinagulitsa. Pambali panga pankakhala madala ena osoka nsapato, amene anagwirako ntchito ku Joni nthawi ya Theba. Tsiku lina ndinabwera ndi nsapato yakuda, yolemera, mkati mwake molembedwa Northampton, ndipo ndinkafuna kuigulitsa mtengo wofanana ndi zinzake. Madala anaitenga, anaitembenuza, n'kugogoda soli ndi chala.

“Mwana wanga, ukudziwa chimene wagwirachi?”

Sindinkadziwa. Anandionetsa kachikopa kamene kamazungulira m'mbali mwa nsapato, kuti soli imasokeredwa pa kameneko osati kumatidwa ndi guluu. Kasokedwe kameneka amati Goodyear welt, ndipo ubwino wake ndi woti soli ikatha mumangoimasula n'kusokerapo ina, pamwamba pali chikhalire. Northampton ndi tauni ya ku England yodziwika ndi ntchito imeneyi, komwe kuli makampani ngati Church's ndi Crockett & Jones amene anayamba m'zaka za m'ma 1870. Nsapato ija anaigula loya wina, ndipo ndalama yake inaposa ya mapeyala ena onse kuwaphatikiza. Kuyambira pamenepo mtima wanga unapita pa nsapato za suti za soli ya chikopa. Mu 2018 tinapeza kashopu n'kuyamba kuitanitsa zatsopano kuchokera ku Johannesburg.

Tsono nkhani ya mkwati. Ambiri a inu munaiona kanema yake pa WhatsApp, ena mpaka lero simudziwa kuti nsapato imene ija inachokera kwa ine. Munali mu 2019, nyengo ya maukwati. Mnyamata anabwera Lachinayi madzulo, ukwati uli Loweruka. Anayesa nsapato ataimirira pa kapeti, anadziyang'ana pagalasi, analipira, ndipo ine ndinamukulungira m'bokosi bwinobwino. Ku tchalitchi zinayenda, ngakhale akuti ankayenda ngati waponda minga. Kuholo ndiye kunali matayilosi opukutidwa mpaka kuwala. Nyimbo yolowera italira, iye anati aponye sitepe yachiwiri, miyendo yonse inapita kutsogolo. Anakhala pansi thapsa, atakoka ndi velo ya mkwatibwi, thalauza litang'ambika. Pofika nthawi ya perekaniperekani anali atavala nsapato ya mperekezi wake, zidendene zili matuza okhaokha.

Lolemba m'mawa amalume ake anafika ndi nsapato ija mu jumbo. Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anangoti, “Achimwene, mwatichititsa manyazi pamaso pa apongozi.” Ndinabweza ndalama yonse. Chimene chinandiwawa n'choti ine ndinkadziwa kuti soli yatsopano imaterera, madala anali atandiuza kalekale, koma tsiku limenelo ndinkangoona ndalama ya lendi. Nditawafotokozera madala, anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anati, “Nsapatoyo ilibe mlandu. Ng'ombe sumaimanga pa goli tsiku lomwe waigula.”

Kuchokera tsiku limenelo nsapato ya soli ya chikopa situluka m'shopu muno ndisanaikonze komanso ndisanamukhazike pansi mwini wake. Ena amatopa nane, amati ndimalalikira. Ndilalikirenso pano.

Soli imeneyi ndi chikopa cha ng'ombe cha kumsana, chokhuthala mamilimita anayi kapena asanu, chofufutidwa ndi makungwa a mitengo. Ku Ulaya ena amachiviika m'maenje a makungwa a oak kwa miyezi yambiri, mwina mpaka chaka. Kuno kwathu ku Africa makungwa odziwika pa ntchitoyi ndi a mtengo wa wattle, umene amadzala kwambiri ku KwaZulu-Natal komanso ku Njombe m'dziko la Tanzania. Akachifufuta amachipsinja ndi makina kuti chilimbe, ndipo pomaliza ku fakitale amachipaka phula n'kuchipukuta kuti chikongole m'bokosi. Kuwala kumeneko ndi kumene kunagwetsa mkwati wathu. Kuuma kwake nako si chilema. Chikopacho chimakhala chisanapindikepo, ndipo chimafuna phazi lanu lomwelo kuti lichiphunzitse popindikira. Pakati pa soli ndi popondera phazi amaikapo makungwa ofewa aja amatsekera mabotolo a vinyo, ndipo mukamayenda amabonyeka pang'onopang'ono kutengera phazi lanu. N'chifukwa chake nsapato yotere ikakuzolowerani mumaiwala kuti mwavala, komanso n'chifukwa chake sindilimbikitsa zobwerekana.

Ine ndimayamba ndi sanipepa. Ndimapala pang'ono kutsogolo kwa soli, pamene pamaponda pansi, mongochotsa kuwala kuja koma osafika pa ulusi. Kenaka ndimaigwira ndi manja awiri n'kuipinda mofatsa pamene pamapindikira zala, kangapo konse. Osaipinda pakati ngati mukuthyola nzimbe, chifukwa cha kumeneko kuli kachitsulo kapena kathabwa kolimbitsa nsapato. Zotsalazo ndi zanu. Tsiku loyamba valani ola limodzi pakhomo, ndi masokosi omwewo amene mudzavale pa tsikulo. Mawa lake ipumitseni kuti thukuta liume. Mkuja valaninso maola awiri, ndipo tulukani mukayende pa simenti yokhakhala kapena pa tala, kunja kuli kouma. Timiyala tating'ono timalowa m'chikopamo, soli imayamba kuoneka yokalikakalika, ndipo m'pamene imagwira pansi. Kasitomala wina anabwerera akudandaula kuti soli yawonongeka patangotha masiku atatu. Ndinamuuza kuti yayamba kumene ntchito. Mukaivala maulendo asanu ndi limodzi kapena khumi motere, kawirikawiri imakhala yagonja.

Pali nzeru zina zimene anthu amapatsana zomwe ndimadana nazo. Wina amati iviike m'madzi usiku wonse. Wina amati ipake mafuta ophikira, wina amati iwambe pa mbaula kuti ifewe. Ndalandirapo nsapato zodula zitauma gwa ngati chikopa cha ng'oma, zina zitang'aluka, chifukwa cha malangizo amenewa. Ikanyowa ndi mvula ilowetseni manyuzipepala mkati, muigoneke cham'mbali pamthunzi kuti soli ipume, iume yokha. Ndipo kunena zoona, amene mumayenda wapansi kuchokera pa siteji ya minibasi m'matope a Januwale, bwerani tikumatireni kalabala kopyapyala kutsogolo kwa soli. Akatswiri ena amanyoza zimenezi, amati zimachotsa ulemu wa nsapato. Iwowo mwina amatsikira galimoto pakhomo pa ofesi.

Mukhoza kuganiza kuti kugwa kwa mkwati ndiye vuto lalikulu limene tinakumana nalo. Ayi. Mu 2020 Covid-19 itafika, boma linachepetsa chiwerengero cha anthu osonkhana, maukwati anaima, ndipo tinkatha sabata osagulitsa ngakhale chingwe cha nsapato. Tikuti tidzuke, mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Ndinapita ku banki ina kukapempha ngongole, anandiyendetsa miyezi iwiri ndi mafomu, pomaliza n'kundifunsa chikalata cha nyumba, ngati munthu wokhala ya lendi amasunga chikalata m'thumba. Ndinathera kwa wakatapila. Ndalama imeneyo ndinatumiza kwa munthu wina amene anandilonjeza mapeyala 60 a soli ya chikopa chenicheni pa mtengo wotsika. Nsapato zinafika zokongola, zonunkhira bwino, pansi atadindapo chizindikiro cha chikopa. Chikomekome cha mkuyu. Zinali zinyenyeswa za chikopa zogayidwa n'kuumbidwa ndi guluu. Tinagulitsa zambiri mu Disembala, mvula inabwera, ndipo pofika Febuluwale zinayamba kubwerera chimodzichimodzi, soli itafufuma n'kumasupuka ngati katoni yonyowa. Foni ya mkulu uja inasiya kupezeka. Ngati mukuwerenga, bwana, nambala yanga sinasinthe, ndipo mapeyala anu ndinasungako awiri oonetsera makasitomala kusiyana kwa chenicheni ndi chonama.

Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa mvula ija masiku angapo osakata. Ife sitingadandaule kwambiri poyerekeza ndi abale athu a ku Chilobwe ndi Soche amene anataya miyoyo ndi nyumba, koma denga la shopu linadontha, ndipo katundu wabwino amene anatsala anachita nkhungu m'mabokosi. Wakatapila ankafika m'mawa uliwonse ndisanatsegule, n'kukhala pa mpando woyesera nsapato, makasitomala akuona. Chiwongoladzanja chake chinaposa ngongole yeniyeniyo. Usiku wina ndinawauza mayi a kunyumba kuti nditseka, ndibwerere pa chiguduli. Anandiyankha kuti, “Bambo a ana, mutseke mutabweza kaye ndalama za anthu.” Anakatenga masheya awo onse ku banki m'khonde, anagulitsa ndi firiji imene ankapangira mafilizesi. Aliyense amene anagula nsapato zonama zija tinamubwezera ndalama kapena kumusokera soli yeniyeni ulere. Zinatitengera miyezi isanu ndi iwiri. Pamene kwacha inkagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, ife tinalibe ngongole ndi munthu, ndipo ambiri mwa anthu amene tinawabwezera aja ndi amene akutibweretsera anzawo lero.

Masiku ano katundu akafika ndimasankhapo peyala imodzi n'kuicheka m'mbali mwa soli ndi mpeni. Chikopa chenicheni chimaonetsa minyewa yake yolukana, chonama chimanyenyeka. Ndimaluza peyala imodzi, koma ndimagona tulo.

Ndithokoze Mulungu amene watisunga. Ndithokoze mayi a kunyumba, amene firiji yawo ndinabweza chaka chatha, yokulirapo. Amayi a gulu la banki m'khonde amene anadikira osatinyoza, Ambuye akudalitseni. Alandilodi athu anatipirira miyezi itatu osalipira, si onse angatero. Anyamata anga awiri a pa benchi, amene zala zawo zili zipsera za singano, inu ndiye shopuyi. Achimwene anga a ku Joni amene amayenda m'mashopu kundijambulira nsapato, mayi wa pa Mwanza amene amatithandiza mapepala a katundu, madalaivala a mabasi, abusa ndi akwaya amene mumatumiza akwati kwa ife, aphunzitsi ndi a m'maofesi amene mumalipira pang'onopang'ono koma osathawa, zikomo nonse. Madala aja anatisiya mu 2021. Nyundo yawo ndi chitsulo chokhomerapo nsapato anandisiyira ine, ndipo ndi zimene tikugwiritsa ntchito mpaka lero. Mkwati ujanso ndimuthokoze. Anabweranso patapita zaka ziwiri kudzagula ya kuntchito, ndipo polowa anayamba wafunsa ngati pansi pathu pali matayilosi.

Pokondwerera zaka 10 zimenezi, mwezi uno wonse aliyense wogula nsapato ya soli ya chikopa timupalira ndi kumupindira ulere, kuwonjezapo kachitini ka polishi ndi kosupulira chidendene povala. Kalabala ka kutsogolo tikumata pa theka la mtengo, ngakhale nsapatoyo munagula kwina. Muli ndi yakale ya bambo anu imene soli inabooka? Musataye, bwerani nayo tione ngati ndi yosoka. Zakuda ndi zofiirira zilipo kuyambira saizi 6 mpaka 12, ndipo timalandira Airtel Money ndi Mpamba. A ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu timatumiza pa basi.

Akwati ndi aperekezi, chonde bwerani kutatsala masabata atatu, osati Lachinayi. Mufike chakumadzulo pamene phazi limakhala litatupako, ndipo mutenge masokosi amene mudzavale pa tsikulo.