Sabata ya kumapeto kwa mwezi pa tebulo la blackjack

Ndimagawa makhadi pa kasino ina muno mu Blantyre, chaka chino ndi chachinayi. Kwathu ku Chilomoni ndikanena kuti ndine dila ena amamva ngati ndimapanga madilu a mtauni, nde ndimachita kufotokoza kuti ayi, ine ndimaima kuseli kwa tebulo kuyambira madzulo mpaka mbandakucha, m'manja muli makhadi, mmutu muli masamu. Lolemba ndimapuma, choncho sabata yanga imayamba Lachiwiri.

Lachiwiri lapitali abwana anandipatsa mtsikana watsopano kuti aziima pambali panga aziona. Choyamba chomwe ndinamuuza si za makhadi ayi, ndi za manja. Yunifomu yathu ilibe matumba, ndalama sulandira kuchokera m'dzanja la kasitomala, amaika patebulo iwe nkuiyala kuti kamera ione, ndipo ukamachoka patebulo umaomba m'manja nkutambasula zikhatho. Kenako ndiye masamu. Khadi la 2 mpaka 10 limawerengedwa momwe lalembedwera, Kingi, Kwini ndi Jeki onse ndi 10, Ace ndi 11 kapena 1 kutengera chomwe chikukomera mwini wake. Cholinga nkupambana dila osapyola 21. Izi anazigwira msanga, pomwe anavutika ndi polipira blackjack, ija ya Ace ndi khadi la 10 pa makhadi awiri oyamba. Patebulo lathu imalipira 3 pa 2, wobetcha K10,000 amalandira K15,000, koma wina akaika K7,000 ukuyenera kudziwa pompo kuti ndi K10,500 osawerenga ndi zala, anthu asanu akukuyang'ana. Ndinamuuza kuti azibwereza zimenezi mu minibasi popita kwawo ku Bangwe mpaka zilowe.

Lachitatu kunali zii. Bambo wina yemwe amati ali ndi shopu ku Limbe anakhala yekha patebulo langa pafupifupi maola awiri, ndipo anandifunsa funso lomwe ndimalikonda: chemwali, ngati ine ndi inu tikusewera makhadi omwewo, nanga bwanji nyumbayi ndi imene imadya? Ndinawayankha kuti bambo, nkhani yake ndi ya amene amayamba. Inu mumakoka kaye makhadi owonjezera, mukapyola 21 ndalama ndatenga kale, olo ine ndipyolenso pambuyo pake siibwerera. Ndi pomwepo basi pamene kasino imadyera. Koma kumbali inayi ine ndine womangidwa manja, ndikakhala ndi 16 kapena kutsika ndiyenera kukoka, ndikafika 17 ndiyenera kuima, zinachita kulembedwa pansalu ya tebulo, sindingasankhe olo ndikuona kuti ndikulowa m'dzenje. Inu muli ndi ufulu, mutha kuima pa 12, mutha kupanga double, kuwirikiza ndalama nkulandira khadi limodzi lokha, mutha kugawa makhadi awiri ofanana nkusewera lililonse palokha. Anthu ambiri ufulu umenewu ndi umene amauseweretsa.

Lachinayi kunabuka mkangano ndipo mpaka pano ukundiwawa. Mnyamata wina, kaonekedwe kake kanali koyamba kulowa mu kasino, anakhala mpando womaliza uja wa kudzanja langa lamanja. Khadi langa loonekera kwa onse lili 6, iye ali ndi 13, anagogoda patebulo kuti ndimupatse lina, kunatuluka Kingi, wapyola. Ine nkukoka, nkufika 20, tebulo lonse kuluza. Eee anthu anamudzudzula, madala ena mpaka kuimirira, amvekere watenga khadi la dila iwe, ukanaima bwezi tonse tadya. Mnyamata uja anangotola tchipi zake ziwiri zotsala, zija zimaimira ndalama patebulo, nkutuluka mutu uli pansi.

Kunena zoona analakwitsa, koma anadzilakwira yekha. Dila akaonetsa 4, 5 kapena 6 amakhala pamalo oipa, ndi 6 amapyola pafupifupi ka 42 pa ka 100 kalikonse, nde iwe ukakhala ndi 13 mpaka 16 umangoima nkumusiya adzipweteke yekha. Koma zoti anawaluzitsa anzake ndi bodza. Mu bokosi lathu muli mapaketi 6, makhadi 312, palibe amadziwa lomwe likubwera, tsiku lina kukoka kolakwika komweko kumapulumutsa tebulo lonse ndipo palibe amene amathokoza. Ndinayesa kunena izi mwaulemu, madala aja anati iwe mwana ungatiuze chani ife tinayamba njuga usanabadwe. Ndinangokhala chete nkupitiliza kugawa, inspekita woyang'anira tebulo anali atafika kale kumbuyo kwanga.

Lachisanu anthu anali atalandira. Kuyambira 8 koloko mipando yonse 7 yodzadza, ena ataima kumbuyo kudikira, phokoso la makina a njuga aja, mpira pa TV, ine miyendo ikuchita kuphwanya. Pakati pa chipwirikiti chonsecho panali mayi wina amabwera mwina kawiri pamwezi, ndipo kumuonera akusewera kumandisangalatsa kwambiri. Salankhula zambiri, amagula tchipi kamodzi kokha, zikatha wapita, ndipo chilichonse amapanga motsatira tchati cha basic strategy, chosonyeza zoyenera kuchita pa makhadi alionse, chija anachiwerengetsa akatswiri a masamu ku America m'zaka za m'ma 1950. Akapeza ma Ace awiri amagawa, ma 8 awiri amagawa, chifukwa 16 ndi dzanja loipitsitsa patebulo ndipo bola kuyamba kawiri ndi 8. Ma 10 awiri sagawa ngakhale pang'ono, 20 ndi chuma chogwira kale m'manja. Ma 5 awiri sagawanso, amawatenga ngati 10 nkupanga double dila akakhala wofooka. Pa 11 amawonjezera ndalama nkulandira khadi limodzi lokha, chifukwa pa makhadi 13 alionse 4 ndi a 10.

Usiku umenewo anapeza 16, ine ndikuonetsa 10, anagogoda. Kunatuluka 9, wapyola. Achimwene ena pambali pake anati aunt mukanaima, iye anangomwetulira. Dzanja lomwelo litabweranso anagogodanso. Ndipo ndi zoona, pa 16 makhadi okupyoletsa ndi 8 pa 13, zimaopsa, koma kuima dila ali ndi 7 mpaka Ace ndiye kuluza kwambiri ukaphatikiza masewera ambiri. Apa ndi pomwe anthu amagwa, amakumbukira ulendo umodzi uja zinawapweteka nkuiwala kuti tchati sichilonjeza dzanja limodzi. China anthu amaiwala ndi Ace. Ace ndi 6 si 17 woti uimepo, khadi limodzi silingakupyoletse, nde umakoka kapena kupanga double dila akakhala ndi 3 mpaka 6.

Ndikaonetsa Ace lamulo limati ndifunse kuti insurance ilipo? Ndimafunsa chifukwa ndi ntchito, koma mumtima ndimafuna atakana onse. Ndi kubetcha kwapadera koti ine ndipeza blackjack, ndipo imalipira 2 pa 1, kutanthauza kuti ikanakhala yachilungamo ndikanamapeza khadi la 10 kamodzi pa katatu, pomwe zenizeni ndi 4 pa 13, zocheperapo. Dzina lokha ndi limene limawanyenga anthu, akamva insurance amaona ngati akuteteza galimoto. Mayi uja sanaigulepo chiyambire kumuona. Anachoka cha m'ma 11 ataluza pang'ono, anandisiyira tchipi imodzi ya mu bokosi la matipu nkuti tionana mwanangu.

Loweruka ndiye tsiku linandilemera. Bambo wina wa tayi, amabwera kawirikawiri ndipo malamulo amawadziwa bwino kuposa ambiri, anayamba ndi K10,000 pa dzanja. Ataluza anaika K20,000, kenako K40,000, kenako K80,000, njira ija anthu amauzana kuti ukaluza uziwirikiza, tsiku lina ibwerera yonse. Imaoneka yanzeru mpaka utaluza kasanu kotsatizana, zomwe ine ndimaziona pafupifupi usiku uliwonse, ndipo tebulo lili ndi malire a ndalama yomwe ungaike, thumba lakonso lili ndi malire. Anapita kwa kashiya katatu. Foni yawo inkangowala patebulo, ankaitembenuza osayankha. Pofika 2 koloko anali atasiya ndi tchati chomwe, kugawa ma 10, kupanga double pa 12, thukuta lili kamukamu ngakhale mkati muja mumazizira.

Ine ndimachidziwa tchati pamtima ndipo ndimachilemekeza, koma munthu akachitsata bwinobwino nyumba imatsalabe ndi pafupifupi theka la kwacha pa K100 iliyonse yobetchedwa. Chimachepetsa kuluza, sichisandutsa njuga kukhala ntchito. Ndipo kwa munthu amene akuthamangitsa ndalama yomwe yapita sichithandiza konse chifukwa mutu sukhalanso pa makhadi. Dila saloledwa kuuza kasitomala kuti pitani kunyumba, koma titha kudziwitsa abwana, nde nthawi yanga yopuma itakwana ndinaomba m'manja, nkupita kwa pit boss, bwana wa matebulo onse, kukamuuza kuti bambo a pa mpando wachitatu sali bwino. Anawatengera pambali, anawapatsa madzi, analankhula nawo za fomu ija munthu amasaina yekha kuti asamaloledwe kulowa kwa kanthawi. A MAGLA, bungwe loyang'anira njuga m'dziko muno, amalimbikitsa zimenezi pamodzi ndi lamulo loti wosakwana zaka 18 asayandikire. Kaya anasaina kaya ayi sanandiuze, nditabwerera patebulo mpando unali ndi munthu wina.

Galimoto ya kuntchito inatitula cha m'ma 5 m'mawa, azimayi a mandasi atayamba kale kuyatsa moto m'mbali mwa msewu. Tulo sitinabwere msanga, ndimangoona foni ija ikuwala.

Lamulungu madzulo abwana analola mtsikana watsopano uja agawe yekha kwa mphindi 20, ine nditaima kumbuyo kwake. Manja ankanjenjemera posakaniza makhadi koma sanagwetse olo limodzi. Dzanja lachinayi kasitomala wa K9,000 anapeza Ace ndi Kwini, mtsikana uja anayang'ana tchipi, nkunena mokweza kuti K13,500, nkuziyala bwinobwino kuti kamera ione. Inspekita anagwedeza mutu, ine ndinamunong'oneza kuti pitiliza mng'ono wanga, tenga makhadi kuyambira kumanja.