Mmene Simoni wa ku Kirene anagwidwira pa chiwaya

Poti kavidiyo kaja mwatumizirana kale pa WhatsApp mpaka kafika kwa alamu anga ku Joni, ndipo ena mwayamba kundiitana Simoni wa Kanyenya ngakhale pamaso pa ana anga, bola ndifotokoze ndekha, chifukwa amene anajambulayo anayambira pakati komanso foni yake imangogwedezeka ndi phwete.

Choyamba dziwani kuti gawo la Simoni ine sindinalipemphe. Ku mphakati atanena kuti chaka chino Njira ya Mtanda ya Lachisanu Loyera tichita ya sewero mumsewu, osati yongozungulira zithunzi 14 zija za m'tchalitchi, ine maso anali pa Pilato. Pilato amakhala pampando, amasamba m'manja, ntchito yake yathera pa malo oyamba basi, akhoza kubwerera kwawo kukaotha moto. Koma akatekisi anangondiyang'ana mapewa nkuti inu adada ndinu Simoni, mukadikire pa malo achisanu, asilikali akakugwirani konko. Ndipo malo achisanuwo anawaika pa kamphambano kena ku Chiputula kuno, amene anakhoma kachikwangwani ka nambala 5 pa mtengo uja kaya ndi ndani, sanaone kuti kumbuyo kwa mtengo womwewo kuli chiwaya cha kanyenya.

Tsono musanandiweruze imvani mbiri yanga. Mpingo umaletsa nyama pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu lililonse la Lenti, basi. Ine ndinadzionjezera ndekha kuti Lenti yonse nyama ayi, ngakhale Lamulungu, lomwe silowerengedwa nkomwe m'masiku 40 aja, ine ndimakhala pa soya ndi mpiru. Usipa wa ku Nkhata Bay ndi bonya ndinadya mpaka mphaka wa aneba anayamba kundiperekeza pokwera kabaza. Zimenezi palibe anajambula. Palibe anatumiza ku Joni.

Lachinayi usiku tinachezera m'tchalitchi pa Ukaristia mpaka pakati pa usiku, m'mawa mwake ndinangomwa tiyi wopanda kanthu poti ndi tsiku losala, nkuvala nsalu yofunda ya mayi akunyumba mmalo mwa mkanjo, khasu la aneba paphewa, chifukwa Simoni paja amachokera kumunda. Anati ulendo uyamba 9 koloko. Ine 9 koloko ndinali ndaima kale pa mtengo wanga. Amene mumaidziwa Mzuzu ya mu April mukudziwa kamvula kake kaja, sikagwa kwenikweni komanso sikasiya, kamangokunyowetsa mwaulemu mpaka m'mafupa, chifunga chili tolo, matope ofiira akukwera m'miyendo. 10 koloko zii. 11 koloko zii. Ngakhale belu la kutchalitchi loti likuuze kuti zinthu zayamba kulibe, paja mabelu amakhala chete kuyambira Lachinayi Loyera mpaka usiku wa Pasaka.

Kumbuyo kwanga chiwaya chili tswaaa.

Mnyamata wa chiwayayo si wa mpingo wathu, kwa iye Lachisanu ndi Lachisanu, geni iyende. Amatembenuza mbuzi ija pang'onopang'ono, kuwaza anyezi, utsi onse mphepo imaubweretsa kwa ine ndekha. Kenako anati, adada mukunjenjemera, lawani kamodzi mutenthe m'thupi. Ndinakana. Lembani zimenezo, ndinakana, ndinamuuza kuti lero ndi tsiku lalikulu. Iye anangoti yewo nkuthira mafuta ena. Abale, Ambuye athu m'chipululu muja Satana anawaonetsa miyala kuti isanduke buledi. Miyala. Sanawaimike m'mvula pafupi ndi mbuzi yokazinga.

Ndiye ndinayamba kuganiza za m'Baibulo, poti nthawi inalipo yambiri. Marko 15:21 akuti Simoni anali munthu wongodutsa, wochokera kumunda, bambo wa ana awiri Alekizanda ndi Rufu, kwawo ku Kirene komwe lero ndi ku Libya, kutanthauza kuti mnzathu wa mu Africa momwe muno. Munthu ameneyu za Lenti amazidziwa? Lenti inali isanayambe nkomwe. Munthu wochokera kumunda dzuwa lili pamutu amakhala ndi njala, ndipo akadutsa pamsika amagula kanthu. Ndiye ngati akatekisi amafuna Simoni weniweni, ine ndimangolowa mu gawo langa mokwanira. Mpaka pano mfundo imeneyi palibe waigwetsa, mumangoseka basi.

Ndinaitanitsa zidutswa zitatu za K500 chilichonse. Ziwiri zinalowa bwinobwino. Chachitatu chinali chachikulu, cha mitsempha, ndinachiviika mu mchere ndi tsabola wa kambuzi mowolowa manja, ndikuchinyamula chonchi, ndipo nditakweza maso ndinaona mpingo wonse uli pa kona. Mwakachetechete. Batire la chimkuzamawu linali litafooka pa malo achinayi ndiye anthu amangoyenda chamumtima, ine ndimadikira kumva nyimbo. Asilikali achiroma, achinyamata athu omwewa atavala zipewa za makatoni a sopo zitalefuka ndi mvula, anali atandiona kale ndipo amathamanga. Ndinachita zomwe aliyense wa inu akanachita. Ndinachiponya chonse mkamwa.

Anandigwira zenizeni anyamata aja, wina mpaka anandimenya chikoti cha chingwe, ndikumudziwa, ndi uja ndinamubweza pa nkhani ya ngongole chaka chatha. Anandikokera pakati pa msewu nkundisenzetsa mtanda. Pa zokonzekera tinagwirizana kuti mtanda ukhala wa matabwa a paini a ku Chikangawa, opepuka. Umene unagwera paphewa langa unali wa bulugamu wauwisi, utamwa mvula kuyambira m'mawa.

Apa ndi pamene ndikufuna muime kaye muone mmene zinalili. Manja onse awiri ali pa mtanda. Mu tsaya lakumanja muli mbuzi yolimba ngati chubu cha njinga ya kabaza. Kumanzere kwanga, moyandikana mapewa, bambo mfumu ndi buku lawo. Kutsogolo kwenikweni, mzere oyamba wa amayi a Lejiyo, atagwada pa matope kolona m'manja, apongozi anga. Kutafuna sindingathe chifukwa chibwano chikangosuntha bambo mfumu aona. Kulavula sindingathe chifukwa chikagwera pa chitenje cha apongozi. Kumeza ndinayesa, chinafika pakhomo pa mmero nkubwerera chokha. Ndiye ndinangochisunga, ndipo kambuzi uja anayamba ntchito yake, kuyambira pa lilime, kukwera m'mphuno, kutulukira m'maso. Misozi abale. Osati yongolengeza, yoyenda, yokumana pachibwano, pamodzi ndi mamina omwe, thukuta likutsika m'mvula yozizira ija.

Mawu anga m'sewero lonse anali mzere umodzi wokha, oti ndalakwa chiyani ine, ndikuchokera kumunda. Ndinauloweza Lenti yonse. Akatekisi anamenyamenya chimkuzamawu chija chinadzuka, nkuchiika pakamwa panga. Chiputula yonse inamva Simoni akuti mmmh, mmmh, hmmm, kenako kufwenthera.

Ndipo anthu anakhudzidwa. Gogo wina kumbali anakuwa mu Chitumbuka kuti wakulira nadi, wakulira nadi, amayi ena awiri anayamba kusisima, owerenga anawerenga zija zoti tizisenzerana mitolo ndi anzathu ovutika mawu akunjenjemera, bambo mfumu anandigwira paphewa nkugwedeza mutu. M'moyo wanga onse wachikhristu sindinaonekepo oyera choncho. Amene anadziwa ndi mmodzi yekha, mnyamata amene amasewera Yesu, chifukwa mutu wake unali pafupi ndi wanga pansi pa mtanda. Chisoti chaminga chili pamutu, juwisi wofiira akuyenderera kumaso, anandinong'oneza osatembenuka, mani mukununkha mbuzi, yatsalako?

Pa malo achisanu ndi chimodzi Veronika anapukuta nkhope ya Yesu monga mwa dongosolo, koma ataona mmene ine ndimalirira chifundo chinamugwira, anapukutanso ine, zomwe m'sewero munalibe. Nsalu inatenga mafuta ndi kambuzi wa pamilomo. Patsogolo pang'ono anadzipukuta nayo m'maso mwake. Amene mumati mtsikana uja ali ndi luso la zisudzo, kuti analira mpaka pa Gologota osapuma, tsopano mwadziwa.

Mbuzi inatsika pa malo achisanu ndi chiwiri. Yesu atagwa kachiwiri mtanda onse unandigunda pamsana, ndinangomva gudu, yapita yosatafuna, ndinaimva ikuyenda mpaka pansi. Ndinati zikomo Ambuye mwandipulumutsa. Anthu onse anagwada, kunali chete, kumangomveka mvula pa maambulera.

Adada Simoni, pepani.

Kutembenuka, mnyamata wa chiwaya uja. Wagwada nafe bwinobwino, chipewa wavula, foloko yake yaitali ili m'manja. Anatitsatira kuchokera pa nambala 5, amadikira mpata oti asasokoneze mapemphero, mwana waulemu ndithu, makolo ake anamulera. Anati K1,500 ya kanyenya ija adada, ndasiya chiwaya chokha chipserera. Sanakuwe ayi. Koma chimkuzamawu chija, chimene chinakana kugwira ntchito pa malo achinayi pamene chimafunika, chinali chili pafupi m'manja mwa akatekisi ndipo nthawi imeneyi chinagwira bwino kwambiri.

Ndalama ndinali nazo, izi ndikufuna zimveke, sindinathawe ngongole ine, ndinagwidwa ndi boma la Roma ndisanalipire. Koma zinali m'thumba la buluku, pansi pa nsalu yofunda yomangidwa ndi chingwe, manja ali pa bulugamu. Msilikali mmodzi anagwa pansi ndi kuseka chipewa chake nkuphwasuka. Yesu ali chigonere pa matope mapewa amangogwedezeka. Gogo uja anafunsa mnzake kuti akuti chani, anamumasulira, anangoti hii. Kenako apongozi anga anadzuka pang'onopang'ono, anamasula mfundo ya pa chitenje, anatulutsa K2,000 yopindapinda nkumupatsa mnyamatayo, osandiyang'ana ngakhale kamodzi. Anaima pomwepo kudikira chenji. Mpingo onse unadikira nawo chenjiyo.

Mtanda ndinausenzabe mpaka pa malo 11 pomwe amakhomera, phewa linasupuka, izinso mu vidiyo mulibe. Pa mwambo wa 3 koloko anthu akupita kukapsompsona mtanda ine ndinangowerama patali, milomo inali ikuyakabe. Loweruka m'mawa ndinapita kukalapa, ndangoyamba kuti bambo Lachisanu ndinadya, iwo anati eya ndinalipo, pitirizani zina.

Pa Pasaka mayi akunyumba anapha nkhuku, aliyense analandira chiwalo chake, ine anandiikira usipa nkuti abambo inu paja Pasaka wanu munadya kale. Apongozi K1,500 yawo ndinatumiza mwana kuti akabweze, anaikana, akuti inali chopereka cha Lenti kwa osauka. Akatekisi akuti chaka chamawa ndidzakhala Barabasi poti amamasulidwa koyambirira ndiye akhoza kukadya mwamtendere. Sindinawayankhe.

Khasu la aneba lija likadali pa chiwaya pompaja. Amene mumadutsa njira imeneyo chonde munditengereko, ine masiku ano ndikumazungulira ku Zolozolo.