Shopu yathu yowotcherera ku Redcliff

Makasitomala ena akatipeza pa Facebook amadabwa kuti bwanji tikuyankha m'Chichewa pomwe tili ku Zimbabwe, ndiye lero ndati ndilongosoleko za shopu yathuyi ndi tauni yomwe tikukhala, chifukwa nkhani yake ndi imodzi.

Redcliff ndi katauni ka m'chigawo cha Midlands, pafupi penipeni ndi Kwekwe. Kanamangidwa chifukwa cha chitsulo basi, palibenso china. Boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe lopanga chitsulo la RISCOM mu 1942, ntchito inayambira ku Bulawayo, kenako mu 1948 anatsegula fakitale kuno chifukwa miyala ya chitsulo ndi ya laimu inali m'mapiri momuno, malasha okha ndi omwe ankachokera ku Wankie pa sitima. Dzina linasintha kukhala RISCO, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1980 inakhala ZISCO. Pa nthawi yomwe zinthu zinali bwino inkalemba anthu oposa 5,000 ndipo ng'anjo zake zinali zotha kutulutsa matani pafupifupi 1 miliyoni pa chaka.

Agogo athu aamuna anachoka ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1950, amati angogwira ya njinga ndi malata abwerere, koma anachona mpaka manda awo ali kuno. Anthu akuda ankakhala ku Torwood, azungu kumtunda kwa nyumba zazikulu, lokeshoni ya Rutendo inabwera pambuyo. Ku Torwood a ku Nyasaland, a ku Zambia ndi a ku Mozambique anali ambiri zedi moti Lamulungu gule wamkulu amatuluka ngati kumudzi, ndipo nyumba, chipatala, bwalo la mpira ngakhale timu yeniyeniyo zonse zinali za kampani. Zinkaoneka zokoma, koma ine ndimati tauni yotere ndi yoopsa, chifukwa kampani ikangotsokomola aliyense mpaka wogulitsa tomato amadwala. Mu 2008 ng'anjo zinazima. Mu 2011 kampani ya Essar ya ku India inasainirana ndi boma za madola 750 miliyoni zodzutsa fakitaleyi, anthu anavina, koma pofika 2015 nkhani ija inali itafa.

Bambo athu anali a mu wekishopu, ndiye chomwe anatuluka nacho ndi luso la m'manja. Tinayamba ndi kamakina kamodzi kowotcherera pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa nyumba, kumakonza mawilibala, mabedi, mapoto obooka, ndipo ena amalipira chidebe cha chimanga poti ndalama nthawi imeneyo inali mapepala chabe. M'tauni munalibe msika, aliyense anali pa ulova. Chinatidzutsa ndi anthu akunja kwa tauni, alimi a ku Zhombe ndi Silobela omwe amafuna ngolo za ng'ombe, komanso anyamata okumba golide kuzungulira Kwekwe, makorokoza aja, amenewo akapeza salimbana nawe pa mtengo koma amafuna katundu dzulo. Pano timapanganso mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo, ndi masitandi a matanki, awa ndiye akuyenda kwambiri chifukwa madzi kuno ndi osadalirika, aliyense amene angathe akuika thanki.

Chimene chimandiseketsa mowawa n'choti chitsulo chambiri chomwe timadula pa shopu chimachita kuchokera kunja, makamaka ku South Africa, ife tili pa mtunda woti zimachumuni za fakitale tikuziona ndi maso. Mtengo ukakwera ku boda ifenso geti yakwera, kasitomala n'kumati tikuba. Fakitale yatsopano ya chitsulo ya Dinson ku Manhize inayamba ntchito mu 2024, tikuyang'ana kaye ngati matyubu ndi ma angle iron omwe timagwiritsa ntchito kwambiri adzatsikeko.

Pa shopu tilipo ine, mng'ono wanga ndi anyamata omwe tikuwaphunzitsa, komanso madala awiri omwe anagwira ndi bambo athu. Amenewa sitingawasinthe ndi makina aliwonse, amangogunditsa chitsulo pa gilayinda n'kuyang'ana moto wothetheka, basi akuuza kuti ichi n'chofewa usaike pa ekiselo ya ngolo. Magetsi akathima timayatsa jenereta pa ntchito zing'onozing'ono zokha, zazikulu timadikira usiku akayaka.

Amene mukufuna ngolo odani mvula isanayambe chonde, Novembala timakhala titadzaza.