Laisensi ya matchera a mwana wa achemwali anga

Achimwene a bambo ake atamusiyira matchera awiri ndi bwato, mwana wa achemwali anga sanagone. Ali ndi zaka 16, ali Fomu 2, koma mtima wonse unali kunyanja. "Amalume, mawa ndikatchere?" Ndinamuuza kuti adikire, tiyambe talongosola za laisensi.

Tinayambira pagombe pathu ku Makawa, m'boma la Mangochi, kwa apampando a BVC, komiti yoyang'anira zausodzi padoko. Musawalumphe anthu amenewa, ndiwo amadziwa mwini bwato lililonse. Apampandowo anayala ukonde pamchenga, n'kumalowetsa zala m'maso mwake, uku akufufuza ngati sitinasokereremo neti ya udzudzu. Kenako anamuyang'ana mnyamatayo: "Iwe, sukulu bwanji?" Anatiuza mosabisa kuti mwana sapezeka padoko nthawi ya maphunziro. Ine ndinagwirizana nazo, chifukwa ndaona anyamata ambiri atathawa sukulu kaamba ka ndalama ya usipa, lero ndi alovi, aganyu a m'mabwato a eni ake.

Mawa lake tinakwera minibasi kupita ku ofesi ya zausodzi paboma, ine nditatenga chitupa changa cha unzika. Anafunsa mtundu wa zida, kuchuluka kwake ndi doko lomwe timakocheza. Apa ndi pomwe mnyamatayo anamvetsa kuti laisensi imatsata chida: matchera ali ndi mtengo wake, chilimira wakenso. Popeza sanakwane zaka 18, tinalembetsa m'dzina langa, kuti chikalakwika china woyankha ndikhale ine. Ndinalipira, n'kulandira lisiti. Laisensiyi ndi ya chaka chimodzi, ikatha mumabwereranso.

Bambo amene anatithandiza sanafulumire kutitulutsa. Anamufotokozera mwanayo za lamulo la zausodzi la 1997, kuti zida zopanda chilolezo zimalandidwa, kuti Novembala ndi Disembala makoka sakokedwa poti chambo chimakhala chikuswana, ndiponso kuti chambo chosafika masentimita 15, chomwe timati kasawala, n'choletsedwa. Anatambasula chikhatho kumuonetsa kutalika kwake. "Kasawala ukamugwira lero, ana ako chambo adzachionera pachithunzi."

Pobwerera tinapangana: Loweruka ndi paholide basi, ine ndili m'bwato momwemo, ndipo mwera ukawomba sitipalasa. Pepalalo ndinalikulunga m'jumbo n'kuliika m'chitini cha mbedza kuti lisanyowe. Loweruka loyamba tinavuula utaka wodzaza beseni, ndi kasawala mmodzi wamoyo, yemwe mnyamatayo anamuwonjola yekha n'kumubwezera m'madzi.